Kukhumudwa posiya fodya: pamene chakudya chimathandiza ndi pamene mapiritsi amanyenga

Munthu amene wasuta fodya kwa zaka zambiri akaganiza zosiya amakonzekera kulimbana ndi chibaba, chifukwa chimenecho ndi chodziwika kwa aliyense, koma ndi ochepa amene amachenjezedwa za chisoni chosadziwika kochokera chimene chimafika pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Taganizirani bambo amene wadzuka m'mawa, tiyi wathiridwa kale m'kapu, ndipo dzanja lake likupita lokha m'thumba la malaya m'mene munkakhala ndudu ndi machesi, n'kupeza mulibe kanthu. Amakhala duu pakhonde, ana akamulonjera amayankha mokhadzula, ntchito imene ankaigwira mosavuta ikumulemera, ndipo akazi ake amayamba kudzifunsa ngati pali chimene alakwitsa. Pa nthawi ngati imeneyi ndi pamene anthu ambiri amabwerera ku fodya, poganiza kuti fodyayo ndiye ankawakhazika mtima pansi ndipo popanda iye moyo sudzakomanso. Maganizo amenewo ndi olakwika, koma kuvutika kwake ndi kwenikweni, ndipo kuli ndi gwero lake m'thupi limene munthu angathe kulimvetsa.

Utsi wa fodya ukalowa m'mapapo, nikotini, chinthu cha mu fodya chimene chimayambitsa chibaba, amafika mu ubongo pa masekondi 10 mpaka 20 okha, ndipo akafika amachititsa kuti ubongo utulutse dopamini, amene amathandiza munthu kumva kukoma kwa zinthu ndi kukhala ndi chidwi chochita kanthu. Munthu wosuta ndudu 20 pa tsiku amakoka utsi kangapo pa ndudu iliyonse, choncho ubongo wake umalandira kachisangalalo kameneka maulendo oposa 100 tsiku lililonse, chaka ndi chaka. Ubongo umazolowera, umachulukitsa malo amene nikotini amakhalapo, ndipo umayamba kudalira nikotiniyo kuti uzigwira ntchito imene kale unkagwira wokha. Nikotini sakhalitsa m'magazi, popeza theka lake limatha pa maola pafupifupi awiri, ndipo n'chifukwa chake wosuta amadzuka m'mawa ali ndi chibaba choopsa. Mtendere umene amaumva akayatsa ndudu yoyamba ndi kutha kwa vuto limene fodyayo analiyambitsa yekha usiku wonse.

Palinso chinthu china chimene sichitchulidwa kawirikawiri. Mu 1996 akatswiri a ku Brookhaven National Laboratory ku United States, motsogoleredwa ndi Joanna Fowler, anajambula ubongo wa anthu osuta ndipo anapeza kuti utsi wa fodya umachepetsa mphamvu ya enzaimu (chinthu cha m'thupi chothandiza kuphwanya kapena kusintha zinthu zina) yotchedwa monoamine oxidase, imene ntchito yake ndi kuphwanya dopamini, serotonini ndi zina zotere zokhudza momwe munthu akumvera mumtima zikatha kugwira ntchito. Mtundu umodzi wa enzaimuyi unali wotsika ndi pafupifupi 40 peresenti mwa osuta, ndipo mtundu winawo ndi pafupifupi 28 peresenti. Mankhwala ena akale ochizira matenda ovutika maganizo amagwira ntchito mwa kuchepetsa enzaimu yomweyi. Munthu akasiya fodya, enzaimuyi imabwerera mwakale pa nthawi imene ubongo sunayambe kudziyendetsa bwino, ndipo kwa kanthawi munthuyo amakhala ngati nyali imene mafuta ake atsika, yoyakabe koma mozilala.

Kanthawi kameneka kali ndi malire ake. Kwa anthu ambiri mavuto amafika pachimake mkati mwa sabata yoyamba, amayamba kutsika pofika sabata yachiwiri mpaka yachinayi, ndipo ubongo umabwerera mwakale pakapita milungu 6 mpaka 12. Mu 2014 magazini ya zamankhwala ya BMJ inasindikiza kafukufuku wa Gemma Taylor ndi anzake, amene anaphatikiza zotsatira za makafukufuku 26, ndipo anapeza kuti anthu amene anasiya fodya, pakapita milungu isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, anali ndi nkhawa ndi kukhumudwa kochepa poyerekeza ndi amene anapitiriza kusuta. Izi zinali choncho ngakhale kwa amene anali kale ndi matenda a maganizo. Funso lenileni ndi lakuti munthu awoloka bwanji milungu yoyambirira yovutayo, ndipo apa ndi pamene chakudya chili ndi gawo lake.

Ndinene mosapita m'mbali kuti palibe chakudya chimene chimachiza matenda ovutika maganizo monga momwe mankhwala a malungo amachizira malungo. Umboni umene ulipo ndi wolimbikitsa koma ndi wochepa. Kafukufuku wotchuka wotchedwa SMILES, amene anachitika ku Australia motsogoleredwa ndi Felice Jacka ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anatenga anthu 67 odwala matendawa n'kuwagawa pawiri. Gulu lina linalangizidwa kudya masamba, zipatso, nyemba, nsomba, mtedza ndi mbewu zosakonola kwa milungu 12, pamene linalo linkangochezeredwa. Pa amene anasintha kadyedwe, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anapeza bwino, pamene ku gulu linalo anali 8 peresenti yokha. Anthuwo anali ochepa, sanasankhidwe chifukwa chosiya fodya, ndipo ambiri ankalandiranso chithandizo china. Chimene tingatengepo n'chakuti kadyedwe kabwino kamachirikiza munthu, ndipo kwa wosiya fodya pali njira zitatu kapena zinayi zodziwika bwino zimene kamachitira zimenezi.

Yoyamba ndi kudya pa nthawi yake. Nikotini amapha njala, ndipo osuta ambiri anazolowera kuti kadzutsa wawo ndi ndudu ndi kapu ya tiyi, nkhomaliro n'kuidumpha, kenako n'kudzadya nsima yambiri madzulo. Fodya akachoka, thupi silingathenso kupirira njala mwa njira imeneyo, ndipo zizindikiro za njala, monga kufooka, kunjenjemera, kupsa mtima msanga ndi kulephera kuika maganizo pa ntchito, zimafanana kwambiri ndi chibaba moti munthu sazisiyanitsa. Amathamangira mandasi, maswiti ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo, zimene zimamupatsa mphamvu kwa kanthawi kochepa n'kumusiya ali wolefuka kuposa poyamba. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro m'mawa, mbatata yophika, futali, chimanga chootcha kapena mtedza wokazinga wodzaza dzanja pakati pa tsiku, zimakhalitsa m'mimba ndipo zimapereka mphamvu pang'onopang'ono. Mgaiwa uli ndi ubwino winanso, chifukwa gaga amene timataya pokonola chimanga ndi amene ali ndi mavitamini a gulu la B ndiponso amathandiza kuchepetsa kudzimbidwa, vuto limene limasautsa anthu ambiri m'milungu yoyamba yosiya fodya ndipo amachita nalo manyazi kulitchula.

Kunenepa kumadetsa nkhawa anthu ena, ndipo n'zoona kuti osiya fodya amawonjezera makilogalamu 4 kapena 5 pa chaka choyamba tikatengera anthu ambiri pamodzi, ngakhale kuti ena sawonjezera n'komwe. Maganizo anga ndi akuti si nzeru kudzimana chakudya pa nthawi yomweyo imene munthu akudzimana fodya, chifukwa nkhondo ziwiri pa nthawi imodzi zimafoola mtima, ndipo kuipa kwa makilogalamu ochepawo sikungafanane ndi kuipa kwa utsi.

Nkhani ya tiyi ndi khofi ndiyo imene ndikufuna kuti wowerenga aisunge bwino, chifukwa ndi yosavuta kukonza koma anthu ambiri saidziwa. Mu utsi wa fodya muli zinthu zimene zimafulumizitsa enzaimu ya m'chiwindi yotchedwa CYP1A2, imene imachotsa m'magazi kafeini, chinthu cha mu tiyi ndi khofi chimene chimachotsa tulo, choncho wosuta amachotsa kafeini mofulumira kwambiri kuposa wosasuta. Akasiya kusuta, chiwindi chimabwerera ku liwiro lake la masiku onse pa masiku ochepa chabe, ndipo makapu omwewo a tiyi wa masamba ambiri amene ankamwa popanda vuto amasiya m'magazi mwake kafeini wochuluka mwina kuwirikiza kawiri. Zotsatira zake ndi mtima kugunda kwambiri, manja kunjenjemera, nkhawa ndi kusowa tulo, ndipo munthu amaloza chala kusiya fodya pamene vuto lili m'kapu. Woyendetsa minibasi amene amamwa tiyi pa depoti m'mawa, chakumwa chopatsa mphamvu cha m'chitini masana ndi Coca-Cola madzulo angadzipeze akungotembenuka pamphasa mpaka tambala woyamba, ndipo munthu wosagona kwa masiku angapo amakhumudwa ngakhale atakhala kuti sanasutepo. Chofunika ndi kuchepetsa kafeini ndi theka kuyambira tsiku losiya fodya, osamwanso dzuwa likapendeka, koma osasiyiratu mwadzidzidzi chifukwa zimenezonso zimadwalitsa mutu. Zimenezi zimachitika ngakhale kwa amene akugwiritsa ntchito chingamu kapena zomata pakhungu za nikotini, popeza chimene chimasintha chiwindi ndi utsi osati nikotini.

Mowa ndi mdani wapawiri pa nthawi imeneyi. Umaoneka ngati ukuiwalitsa mavuto madzulo, koma umasokoneza tulo ndipo m'mawa mwake munthu amadzuka ali wokhumudwa kwambiri, komanso ndi pamowa pamene malonjezo ambiri osiya fodya amafera, chifukwa botolo ndi ndudu zinazolowerana ndipo mnzako woledzera sachedwa kukupatsirako yake. Kwa mwezi woyamba kapena iwiri ndi bwino kutalikirana ndi malo omwera, kaya ndi kachasu, chibuku kapena mowa wa m'mabotolo. Ofufuza a ku Duke University mu 2007 anafunsa osuta 209 za zakudya zimene zimasintha kukoma kwa ndudu, ndipo ambiri ananena kuti mowa, khofi ndi nyama zimaikometsa, pamene zipatso, masamba, mkaka ndi madzi zimaiipitsa. Ndi kafukufuku wongofunsa maganizo a anthu, koma amagwirizana ndi zimene osuta okha amanena.

Tikabwera ku zimene zili m'mbale, uphungu wa magulu asanu ndi limodzi a zakudya umene alangizi a zaumoyo amaphunzitsa kusikelo ndi wokwanira kale, ndipo sufuna kugula chilichonse chachilendo. Usipa, matemba ndi kapenta zimapereka vitamini B12, zinki, kashiyamu wa m'minga yake ndi mafuta ena a omega-3. Bonongwe, nkhwani, chisoso, khwanya ndi mpiru zili ndi foleti (vitamini wa gulu la B) ndi ayironi, ndipo nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya zimawonjezera zomanga thupi zimene ubongo umapangira serotonini ndi dopamini. Kuchepa kwa foleti, kwa B12 kapena kwa magazi kumabweretsa kutopa ndi kulefuka kumene kumafanana ndi kukhumudwa, ndipo kumakulitsa kukhumudwa kumene kulipo kale. Kaphikidwe kali ndi mbali yake, chifukwa soda kapena chidulo chimene timathira m'therere ndi m'masamba kuti afewe msanga chimawononga vitamini C ndi ena a gulu la B, ndipo kuwiritsa masamba kwa nthawi yaitali n'kutaya madzi ake kumachita chimodzimodzi. Tiyi womwera pamodzi ndi chakudya amalepheretsa thupi kutenga ayironi wa m'masamba ndi nyemba, pamene chipatso chowawasa chodyedwa pambuyo pa nsima chimathandiza kuti ayironiyo alowe.

Vitamini C ndi amene utsi umamuwononga kwambiri, moti bungwe la Institute of Medicine la ku United States mu 2000 linanena kuti wosuta amafunika mamiligalamu 35 owonjezera pa tsiku pamwamba pa 90 a mwamuna kapena 75 a mkazi. Magwafa awiri okha amakwaniritsa mlingo wonsewo n'kutsalako, ndipo malambe, masau, malalanje, mapapaya ndi mango zimathandizanso. Vitaminiyu sachiza kukhumudwa, koma zipatsozi zimabwezeretsa vitamini amene utsi unawononga, ndipo kumung'unya malambe kapena kutafuna nzimbe pang'ono kumapatsa pakamwa ndi zala chochita pa mphindi zochepa zimene chibaba chimatenga chisanadutse.

Nanga mapiritsi a mavitamini ndi zina zowonjezera zimene zimagulitsidwa m'mafamase, m'misika ndi pa Facebook? Lamulo losavuta ndi lakuti piritsi limathandiza pamene thupi likusowadi chinthu chimenecho, ndipo kusowako kumadziwika poyeza kuchipatala. Munthu wochepa magazi akapatsidwa ayironi amapezadi mphamvu, ndipo wosowa B12, monga okalamba ena, odya zamasamba zokhazokha ndi amene amwa metformin, mankhwala a matenda a shuga, kwa zaka zambiri, amathandizidwa akapatsidwa vitaminiyo. Kwa munthu amene sakusowa kanthu, nkhani ndi ina. Kafukufuku wamkulu wa VITAL-DEP ku United States anatsatira anthu achikulire oposa 18,000 kwa zaka pafupifupi zisanu, ndipo mu 2020 anasonyeza kuti vitamini D sanateteze anthu ku matenda ovutika maganizo, ndipo chaka chotsatira anasonyeza kuti makapisozi a mafuta a nsomba nawonso sanateteze. Makafukufuku ena ang'onoang'ono apeza kuti omega-3 amathandizako pang'ono anthu amene akudwala kale akamamwa pamodzi ndi mankhwala enieni, koma phindu lake ndi laling'ono. Ndalama zimene munthu angawononge pa botolo limodzi la makapisozi zingagule usipa, mazira ndi zipatso zodya banja lonse, ndipo ine ndingasankhe zimenezo.

Pali zowonjezera ziwiri zimene si zongotha ndalama chabe koma ndi zoopsa. Choyamba ndi beta-carotene wa m'mapiritsi, chinthu chimene thupi limasandutsa vitamini A. Kale akatswiri ankaganiza kuti angateteze osuta ku khansa, ndipo ku Finland anayesa amuna osuta oposa 29,000, koma zotsatira zimene zinatuluka mu 1994 zinadabwitsa aliyense, chifukwa amene ankamwa mapiritsiwo anadwala khansa ya m'mapapo mochuluka ndi 18 peresenti. Kafukufuku wina wotchedwa CARET ku United States, amene anali ndi osuta, amene anasiya ndiponso ogwira ntchito ndi asibesitosi, anaimitsidwa nthawi yake isanakwane mu 1996 atapeza kuti khansayo inachuluka ndi 28 peresenti. Choncho aliyense amene akusuta kapena wangosiya kumene awerenge zolembedwa pa botolo, ndipo akapeza mlingo waukulu wa beta-carotene alisiye. Beta-carotene wa m'maungu, m'karoti, m'mango ndi m'mbatata yofiira mkati alibe vuto limeneli.

Chachiwiri ndi chitsamba chotchedwa St John's wort, chimene chimagulitsidwa ngati mankhwala achilengedwe ochotsa kukhumudwa, kuphatikizapo ku South Africa ndi ku Britain kumene abale athu ambiri amakhala ndipo nthawi zina amatumiza zinthu zoterezi kumudzi mwa chikondi. Chitsambachi chimathandizadi ena amene akhumudwa pang'ono, koma sichinasonyeze kuti chimathandiza kusiya fodya, ndipo chimachititsa chiwindi kuchotsa mankhwala ena m'magazi mofulumira. Chimafooketsa ma ARV, kuphatikizapo dolutegravir amene anthu ambiri m'Malawi akumwa masiku ano, moti kachilombo kangathe kuchulukanso ndi kuyamba kupima mankhwala. Chimafooketsanso mapiritsi a kulera ndi warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ndipo chikaphatikizana ndi mankhwala ochizira kukhumudwa monga fluoxetine chingabweretse vuto loopsa la kuchuluka kwa serotonini, limene limayambitsa kutentha thupi, kunjenjemera ndi kusokonezeka mutu. Mapiritsi owonjezera otchedwa 5-HTP, amenenso amagulitsidwa ngati ochotsa kukhumudwa, ali ndi chiopsezo chomwechi akaphatikizidwa ndi mankhwalawo. Mawu akuti chinthu ndi chachilengedwe sakutanthauza kuti ndi chosavulaza, popeza fodya nayenso ndi tsamba lomera m'munda.

Tsopano pali malire amene mbale ya nsima singathe kuwoloka. Ngati kukhumudwa kwatenga milungu iwiri kapena kuposerapo, tsiku lililonse ndiponso pafupifupi tsiku lonse, osatsika koma kukulirakulira, munthu osafuna kudzuka, osamva kukoma kwa chilichonse, kumadziona ngati wachabechabe kapena mtolo kwa abale ake, amenewo ndi matenda ofunika chipatala. Amene anadwalapo kale matenda ovutika maganizo ali pa chiopsezo chachikulu choti abwererenso akasiya fodya, ndipo ndi bwino kuti akambirane ndi dokotala asanasankhe tsiku losiya. Maganizo ofuna kudzipha asadikire ngakhale tsiku limodzi, munthu auze wachibale kapena mnzake wodalirika ndipo apite kuchipatala chapafupi tsiku lomwelo. Zipatala za m'maboma zili ndi ogwira ntchito za umoyo wa maganizo, ndipo pali Zomba Mental Hospital ndi zipatala za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Amene akumwa olanzapine kapena clozapine, mankhwala a matenda a maganizo, kapena theophylline wa mphumu, adziwitse dokotala kuti akusiya fodya, chifukwa enzaimu ija imene imachotsa kafeini ndi yomwenso imachotsa mankhwalawa, ndipo mlingo wake ungafunike kutsitsidwa.

Mankhwala othandiza kusiya fodya alipo ndipo si chizindikiro cha kufooka kuwagwiritsa ntchito. Mu 2024 bungwe la World Health Organization linatulutsa malangizo ake oyamba a chithandizo cha osiya fodya, ndipo linavomereza chingamu ndi zomata pakhungu za nikotini, varenicline, bupropion ndi cytisine, pamodzi ndi uphungu. Nikotini woperekedwa mwa njira imeneyi amachepetsa kukhumudwa kwa milungu yoyamba popanda utsi wowononga mapapo. Bupropion anayamba ngati mankhwala ochizira matenda ovutika maganizo, koma saperekedwa kwa odwala khunyu. Kale panali mantha akuti varenicline ndi bupropion amasokoneza maganizo, koma kafukufuku wa EAGLES wa mu 2016, amene anali ndi anthu oposa 8,000 ndipo pafupifupi theka lawo anali ndi mbiri ya matenda a maganizo, sanapeze kuti mavuto aakulu anachuluka kwenikweni poyerekeza ndi amene anamwa mapiritsi opanda mankhwala. Vuto lathu ndi lakuti mankhwalawa sapezeka paliponse ndipo ndi okwera mtengo, ndipo ndikuyembekezera kuti popeza dziko la Malawi linalowa mu pangano la padziko lonse lochepetsa kusuta fodya mu 2023, chithandizo choterechi chidzafika kwa wosuta chingambwe wa kumudzi, amene pakali pano amalimbana ndi chibaba yekha.

A m'banja ali ndi zambiri zimene angachite zosafuna ndalama. Bambo uja wa pakhonde angathandizidwe kwambiri akapatsidwa phala lotentha asanamwe tiyi, tiyiyo atachepetsedwa masamba, mtedza wokazinga utaikidwa m'thumba lomwe munkakhala ndudu, ndipo madzulo, pa ola limene ankapita kukagula fodya pa okala, wina amuperekeze kuyenda ndawala kwa mphindi 10 kapena 15, popeza kuyenda kumachepetsa chibaba nthawi yomweyo ndipo kumabweretsa tulo. Bamboyo akapsa mtima, a m'banja asamuuze kuti bola ankasuta, ndipo akaona kuti sabata yachitatu yadutsa nkhope ikadali yakugwa ndipo chakudya chikubwerera osachikhudza, asadikire kuti apemphe yekha, amutenge apite naye kuchipatala.